Achimwene anga sanasiye kumwa chichitikireni Freddy, kodi tiwatsekere m'nyumba?

Funso

Ndine mayi wa ku Chilobwe. Pa namondwe wa Freddy matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba ya achimwene anga, iwo ali ku ntchito ya ulonda ku Limbe. Alamu anga tinawapeza n'kuwaika, koma mwana wawo wamkazi wa zaka 6 sanapezeke mpaka lero. Mnyamata wamkulu anapulumuka chifukwa usikuwo anagona kwathu, ndipo ndikumusunga ndine. Chichokereni apo achimwene anayamba kumwa. Poyamba unali wa Loweruka, pano ndi tsiku lililonse, kachasu ndi timidoli. Ntchito inatha. M'mawa manja amanjenjemera, tiyi amachita kutayikira m'mbale, mpaka atalawako kaye. Amalume akuti tiwatsekere m'chipinda sabata yathunthu kuti mowa uchoke m'thupi, ena akuti tipite nawo kumapemphero. Sabata yatha anandiuza kuti, "Achemwali, bola ndikanangopita nawo." Ndichite chiyani?

Yankho

Mayi, pepani kwambiri. Pepani ndi imfa ya alamu anu, pepaninso ndi mwana amene mpaka lero simudziwa pomwe anagona. Kalata yonse mwalemba za achimwene, koma nanunso ndinu anamfedwa, ndipo ndifikako kwa inu. Ndiyambe ndi chimene sichingadikire.

Musawatsekere. Amalume akunena mwachikondi, ndipo nzeru imeneyi ndaimva kwa mabanja ambiri pa zaka zomwe ndakhala ndikuthandiza anthu ovutika maganizo muno mu Blantyre. Koma kwa munthu amene manja ake amanjenjemera m'mawa mpaka atalawako, kumudula mowa mwadzidzidzi kungathe kumupha. Mowa umagoneka ubongo. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri, ubongo umazolowera kuthamanga mopitirira kuti thupi lizigwirabe ntchito. Zimakhala ngati minibasi yomwe dalaivala waponda moto mpaka pansi, phazi linalo lili pa buleki. Mowa ndiye buleki ameneyo. Mukauchotsa kamodzin'kamodzi, galimoto imathawa. Kunjenjemera kwa m'mawa kuja n'chifukwa chakuti usiku wonse sanamwe, buleki wayamba kumasuka.

Zizindikiro zimayamba pakadutsa maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza: thukuta, nseru, mtima kuthamanga, kusowa tulo. Mkati mwa masiku awiri oyambirira ena amagwa n'kumaphupha ngati a khunyu. Choopsa kwambiri chimabwera pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi, chomwe madokotala amachitcha delirium tremens. Munthu amasokonezeka, sadziwa komwe ali, thupi limatentha, amaona tizilombo tikuyenda pakhoma kapena njoka pamphasa. Apa ndi pamene abale ambiri amati walodzedwa kapena mizimu ya omwalira yamugwira, n'kumangitsa chitseko m'malo mothamangira kuchipatala. Munthu wotere ali yekha m'chipinda chokiya, palibe womuona akagwa.

Kuchipatala vutoli amalidziwa ndipo mankhwala ake si achilendo. Amapereka diazepam kuti agwire ntchito ya buleki uja, n'kumachepetsa pang'onopang'ono kwa masiku pafupifupi sabata imodzi, komanso thiamine, vitamini B1, chifukwa anthu omwa kwambiri amadya mosakwanira ndipo kusowa kwa vitamini ameneyu kumawononga ubongo ndi mphamvu yokumbukira zinthu. Koma chonde musakagule diazepam nokha kwa ogulitsa mankhwala mumsika. Akaphatikizana ndi mowa amatha kuimitsa kupuma. Kufikira ataonana ndi achipatala, achimwene asasiye mwadzidzidzi. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi odabwitsa kuchokera kwa munthu wa zaumoyo, koma ndi momwe zilili. Muziwapatsa chakudya, ngakhale phala lokha, ndi madzi ambiri.

Yambirani pa chipatala cha Zingwangwa poti ndi chapafupi, iwo akaona kuti n'kofunika akutumizani ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, komwe kuli anamwino ndi madokotala a matenda a maganizo. Ena amagonekedwa ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndipo a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu ali ndi chithandizo cha anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Ndikudziwa kuti kwathu kuno mawu akuti "ku Zomba" amatuluka ngati chipongwe, ndipo achimwene angakane poopa kuti anthu aziti apenga. Muwauze zoona: mukupita kukaonetsa kunjenjemera ndi kusowa tulo, ndipo ambiri amathandizidwa n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Za mapemphero sindiletsa, ndaona chikhulupiriro chikudzutsa anthu amene ife tinali titathedwa nawo nzeru. Chokhacho, asawasalitse kudya ndipo asakagone nawo kuphiri masiku oyambirirawo. Shuga wa m'thupi la munthu womwa amatsika msanga. Abusa abwere adzapemphere pambali pa bedi, mankhwala akuyenda.

Mawu aja akuti "bola ndikanangopita nawo" musawataye. Anamfedwa ambiri amalankhula chotero posonyeza kuwawa kwa mtima chabe, koma pamene pali mowa, ulova ndi kudziimba mlandu, sitiyesa mwayi. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi abambo. Afunseni mosazungulira, pa nthawi yomwe sanaledzere: "Achimwene, tsiku lija munati bola mukanapita nawo. Kodi mumaganiza zodzipha?" Kufunsa sikumupatsa munthu maganizo amene analibe. Nthawi zambiri amapuma mozama chifukwa wina wayerekeza kutchula chomwe chakhala chikumudya. Akati inde, makamaka ngati aganizapo kale za njira kapena tsiku, musawasiye okha, pitani nawo ku Gulupu tsiku lomwelo, kaya ndi usiku. Ndipo lero lomwe chotsani m'nyumba momwe amagona mankhwala a makoswe, a mbewu ndi a m'dimba, ndi mapiritsi osungidwa. Maganizo odzipha amabwera ngati chimphepo n'kudutsa, ndipo chomwe chimapulumutsa ambiri n'chakuti pa ola loipalo panalibe chogwiritsa ntchito pafupi.

Tsopano ndifike pa gwero, chifukwa tikangotsuka mowa m'thupi n'kusiya chomwe chikuwamwetsa, sipadutsa mwezi asanabwerere.

Maliro a achimwene anu sanathe. Taganizani mmene timachitira pakagwa zovuta. Uthenga umapita kwa amfumu, amayi amasonkhana m'siwa, abambo amakoleza moto panja, kwaya imachezera usiku wonse. Timaona nkhope. Adzukulu amakumba, bokosi limatsika, timamva dothi likugunda pamwamba pake. Kenako kumeta kapena kusesa, ena sadaka, ndipo pakapita nthawi chiliza. Makolo sanaike zimenezi pachabe. Chilichonse chimauza mtima pang'onopang'ono chomwe mutu wamva kale, kuti munthu uja wapitadi. Mu Marichi 2023 zambiri mwa izi sizinatheke. Anthu anali m'misasa m'masukulu, mabokosi ankaikidwa ambiri nthawi imodzi, aliyense amene akanabwera kudzapepesa analinso ndi maliro ake. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza masiku 14 olira dziko lonse, koma kulira kwa dziko ndi kwina, kulira kwa bambo pa manda a mwana wake ndi kwinanso. Ndipo kwa mwanayu kunalibe nkhope yoona, kunalibe dothi loponya.

Katswiri wina wa ku America, Pauline Boss, anafufuza mabanja a asilikali osowa pankhondo m'zaka za m'ma 1970, ndipo anaonetsa kuti kutaya munthu popanda mtembo kuli ndi ululu wakewake. Ine ndimangoti imfa yopanda manda. Mtima umakhala pakati, sungalire mokwanira chifukwa kulira kuli ngati kumutaya mwanayo, sungayembekezenso chifukwa ukudziwa. Bambo wotere akaona kamtsikana ka yunifolomu kakudutsa pamsewu amatembenuka. Akamva kuti ena akukumba maziko kumunsi kwa phiri, mtima umagunda.

Pamwamba pake pali mlandu womwe akudzizenga okha. Anali kulondera katundu wa eni ake usiku umene nyumba yawo inkapita. Sanakuuzeni mwina, koma ndikukhulupirira kuti mawu akuti "ndikanakhalapo" amawabwerera usiku uliwonse. Inu ndi ine tikudziwa kuti matope ndi miyala ija palibe munthu akanaitchinga ndi manja, ndipo akanakhalapo mwina mnyamata uja bwenzi alibe kholo ndi limodzi lomwe. Koma musafulumire kuwatsutsa. Munthu akati "ndinalakwa ndine" ife timathamangira kunena kuti "ayi, chinali chifuniro cha Mulungu, limbani mtima," ndipo iye amangotseka pakamwa. Yesani kunena kuti, "Tandiuzeni za usiku umenewo, munamva bwanji uthenga?" Kenako khalani chete. Mlandu wotere umasungunuka munthu akaufotokoza mokweza kangapo pamaso pa wina amene sakuthawa.

Ndiyenera kunenanso za ife abambo. Pamaliro mwamuna amapatsidwa ntchito: kukagula bokosi, kusaka lole, kulandira chipepeso, kuthokoza anthu. Akagwetsa msozi wina amamugwira paphewa, "mwamuna salira, mufooketsa ana." Amayi ali ndi siwa, ali ndi anzawo a Mvano kapena a mphakati amene amabwerabe pakatha sabata. Bambo, anthu akabalalika, amatsala ndi mpando wake. Malo okhawo amene amapeza anzake okhala naye maola ambiri osamuuza kuti alimbe mtima ndi pa kachasu. Ichi muchimvetse bwino, chifukwa mukawachotsa kumeneko mukuwalandanso anthu okhawo omwe amacheza nawo, ndipo m'malo mwake payenera kulowa ena.

Mowa poyamba umathandizadi, tisanamizane. Umabweretsa tulo msanga ndi kuziziritsa zithunzi za m'mutu. Koma umabwereketsa ngati katapila. Tulo take ndi tosakhalitsa, munthu amadzidzimuka cha m'ma 2 kapena 3 koloko usiku, mtima uli phaphapha, maloto oipa atachuluka, ndipo m'mawa nkhawa imabwera yoposa ya dzulo. Kuti abweze ngongoleyo amakatenganso ina. Akatswiri awiri a ku Netherlands, Margaret Stroebe ndi Henk Schut, anafotokoza mu 1999 kuti wolira amachira polowa ndi kutuluka: nthawi ina amayang'anizana ndi imfayo n'kulira, nthawi ina amaiika pambali n'kukalima, kuseka, kusamala ana. Zili ngati wosenza thumba la chimanga kuchokera kuchigayo, amatula, n'kupuma, n'kusenzanso. Woledzera tsiku lililonse sachita ziwiri zonsezi. Salira mpaka pansi, sabwereranso ku moyo. N'chifukwa chake zaka zadutsa koma kwa achimwene kukali m'mawa wa tsiku lomwe lija. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'ndandanda wake wa matenda womwe unayamba kugwira ntchito mu 2022, linavomereza kuti chisoni chikapitirira miyezi 6 chili chowawa chimodzimodzi, chopyola zomwe chikhalidwe cha anthuwo chimayembekezera, mpaka munthu kulephera kugwira ntchito ndi kusamala banja, chimafuna chithandizo. Choncho mukakafika kuchipatala mukatchule zonse, osati mowa wokha. Mukanenenso ngati amadzidzimuka mvula ikamagunda pamalata, kapena ngati amamwa kwambiri nyengo ya dzinja.

Ndikumbuka bambo wina amene anabwera kwa ine atamukoka mkazi wake. Mwana wawo anamira mumtsinje. Maulendo awiri oyamba ankangoyankha kuti "ndili bwino," maso ali pa zenera. Ulendo wachitatu, pofuna kutulutsa kabuku kake ka kuchipatala, m'thumba la jekete munatuluka kena kokutidwa ndi pulasitiki ya shuga. Kanali kabuku ka kusikelo ka mwana uja. Anafuna kukabweza msanga, ine ndinamupempha kuti andiwerengere. Anatsegula, chala chikunjenjemera pa mzere wa makilogalamu, nayamba: apa anali ndi miyezi itatu, apa anadwala malungo anatsika, apa anakweranso, amayi ake ankamupatsa phala la nsinjiro. Atafika pa tsamba lopanda kanthu analira kulira kumene mkazi wake anati sanakumvepo, ngakhale tsiku la maliro. Sindinena kuti anachira tsiku limenelo. Anabwereranso ku mowa kawiri chaka chimenecho. Koma kuyambira apo tinali ndi pogwira, ndipo ulendo womaliza kumuona anabwera yekha, atachokera ku ganyu, kabuku kaja atakasiya kunyumba m'sutikesi.

Ndiye funso langa kwa inu ndi ili: dzina la mwanayu limatchulidwa pakhomo panu? Mabanja ambiri amalibisa poopa kutsitsimutsa bala, koma kwa bambo wake zimaoneka ngati aliyense wamuiwala ndipo watsala yekha womusunga. Litchuleni. Nenani zomwe ankakonda, nyimbo yomwe ankaimba pochokera kusukulu, mmene ankakanira kumetedwa. Ndipo thupi la achimwene likakhazikika, patapita masabata angapo, kambiranani za mwambo wa mwanayu. Mabanja ena amaitana abusa, ansembe kapena shehe n'kuchita mapemphero a maliro ngakhale palibe mtembo. Ena amalemba dzina la mwana pa chiliza cha mayi ake, ena amadzala mtengo pamalo pomwe panali nyumba. Chofunika n'chakuti pakhale malo amene bambo angapite n'kukhala pansi. Koma musawakonzere mobisa ngati phwando. Ena sanakonzeke kunena kuti "anamwalira," ndipo mwambo ungathe kukhala wongomukumbukira ndi kumupereka m'manja mwa Mulungu kulikonse komwe ali. Mawu ake asankhe okha.

Polankhula nawo za kuchipatala, musaitanitse bwalo la abale. Munthu wozunguliridwa amadziteteza ngati wogwidwa ndi mbuzi ya eni. Pitani nokha kapena ndi munthu mmodzi amene amamulemekeza, m'mawa atadya kanthu, osati ataledzera. Musayambe ndi mowa. Yambani ndi zomwe mwaona: "Achimwene, manjawa akundidetsa nkhawa, ndipo ndikudziwa simugona. Tiyeni Lolemba tikaonetse, ndikuperekezani." Akakana, musakangane, mudzabwerezenso. Mungathenso kupita nokha kukafotokozera anamwino kuti akuuzeni zoyenera kuyang'anira. Koma akagwa n'kuphupha, akasokonezeka, akasanza magazi kapena maso akachita chikasu, apo musapemphe chilolezo, pezani galimoto.

Ndalama m'manja musawapatse, ndipo ngongole za kumowa musawalipirire. Nsima apatseni, sopo apatseni, pakhomo panu pakhale potseguka akabwera osaledzera. Musawanyoze pamaso pa mwana wawo.

Mudziwiretu kuti akasiya, masabata oyambirira chisoni chidzabwera chakuthwa kuposa kale, chifukwa chophimba chachoka. Abale ena adzati bola ankamwa. Imeneyo ndiyo nthawi yowagwira dzanja, osati chizindikiro chakuti zalephereka. Tulo timatenga masabata, nthawi zina miyezi, kuti tibwerere mwakale, koma chilakolako cha chakudya ndi mphamvu zimabwera msanga, ndipo chiwindi, ngati sichinafike poumiratu, chimadzikonza kwambiri munthu akaleka. Maola ovuta ndi a madzulo, kuyambira cha m'ma 4 koloko mpaka kugona, nthawi yomwe miyendo inazolowera njira ya kumowa. Pamenepo pafunika munthu ndi chochita: bawo pakhonde ndi amuna anu, kukaonera mpira, kwaya ya abambo, ganyu iliyonse ngakhale yaing'ono. Ntchito ya ulonda wa usiku ndingakonde asabwererenso msanga, chifukwa ndi kumene kuli chikumbutso chonse. Muziwerengeratu masiku oterera: mvula yoyamba, Khirisimasi, tsiku lobadwa la mwana, ndi mwezi wa Marichi wonse. Masiku amenewo asakhale okha. Akaterereka n'kumwanso, si kuti zonse zagwera m'madzi. Ambiri amene anasiyiratu anagwapo kangapo. Mubwerere nawo kuchipatala osachita manyazi, ndipo mufunse chomwe chinachitika tsiku limenelo mowa usanafike pakamwa.

Mnyamata uja musamuiwale chifukwa ndi wofatsa. Anataya mayi ndi mlongo wake usiku umodzi, ndipo bambo ake akuwaona akuchoka pang'onopang'ono. Ana opulumuka nawonso amadzifunsa chifukwa chomwe anatsalira. Muuzeni zoona mwa msinkhu wake, kuti bambo ake akudwala chisoni ndi mowa, kuti si iye anachititsa, ndiponso kuti si ntchito yake kukawatenga kumowa usiku. Aphunzitsi ake adziwe. Pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, yomwe iye kapena inu mungaimbe. Ndipo ngati achimwene ataledzera ayamba kuopseza kapena kumenya, chitetezo cha mwana ndi chanu chikhale patsogolo, ku polisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa.

Inuyo mayi, mwasenza mwana, mwasenza achimwene, mwasenzanso maliro anuanu omwe sindikudziwa ngati munapeza mpata wowalira. Mutu umodzi susenza denga. Simungathe kuwasiyitsa mowa ndi mphamvu zanu, ndipo akakana lero si kulephera kwanu. Gawanani ntchito pa banja: wina fizi ya mnyamata, wina kuperekeza kuchipatala, wina kucheza nawo Loweruka. Pezani mnzanu mmodzi, kaya kumpingo kaya ku banki m'khonde, amene mungamuuze kuti lero ndatopa, iye osakuweruzani. Ngati nanunso tulo tikusowa kapena mvula ikukuopsani, mukadzionetse pa ulendo womwewo.

Tsiku lopita kuchipatala mutenge kabuku kawo, mulawirire, ndipo mukanene chilungamo: amamwa chiyani, mabotolo angati patsiku, anamwa komaliza nthawi yanji, anagwapo kapena ayi, ndi mawu aja anakuuzani sabata yatha. Achimwene angachepetse chiwerengero chifukwa cha manyazi, inu mukonze mwaulemu, poti mlingo wa mankhwala umadalira zimenezo. Amalume muwafotokozere za kuopsa kwa chipinda chokiya, ndipo poti ndi eni mbumba, apempheni ntchito imene ili yawoyawo: akakhale pansi ndi achimwene, akafunse mmene angafunire kuti mwana uja akumbukiridwe, kenako akaonane ndi amfumu ndi akumpingo.